Kupirira Kumene Kumakumba Ngalande

Tikafika pa siwa kapena pa msasa wa anthu othawa madzi, pali mawu amene lilime limathamangira: "Pirirani, mavuto amakhwimitsa munthu." Mawuwa amanenedwa ndi mtima wabwino, komabe ayenera kufunsidwa ngati ali oona nthawi zonse, pakuti kuno ku Phalombe amagwera pa mabala enieni. M'mwezi wa Marichi 1991 madzi, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Michesi n'kupha anthu mazanamazana. Akuluakulu amati kunadutsa napolo. Patapita zaka 32, m'mwezi womwewo, namondwe wa Freddy anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno, ndipo madera ngati Nkhulambe anatsala kwaokha misewu ndi milatho zitaduka.

Kodi onse amene anapulumuka anatuluka olimba? Ayi ndithu. Alipo amene anadzuka n'kuumba njerwa zatsopano, ndipo alipo ena amene mpaka lero sagona mvula ikayamba kugunda pa malata. Moto womwe umawotcha mbiya kuti ilimbe ndi womwenso umaswa mbiya imene dothi lake silinaume. Choncho tsoka palokha si mphunzitsi. Limangoonetsa poyera zimene munthu anakonzeratu, ndi anthu amene amuzungulira.

Ma ulama akale anagawa sabr, kupirira, m'magawo atatu: kupirira pochita zimene Allah walamula, kupirira posiya zimene waletsa, ndi kupirira pa mavuto amene munthu sanawasankhe. Ambirife timakumbukira gawo lachitatu lokha, chifukwa ndi limene limabwera ndi misozi. Koma magawo awiri oyambawo ndi sukulu ya gawo lachitatu. Munthu wodzuka ku swala ya Fajr m'chisanu cha Juni, n'kuchita udhu ndi madzi ozizira pamene bulangeti likumunyengerera, akuuphunzitsa mtima wake kanthu kamodzi kakang'ono: kuti kusamva bwino si lamulo loti uleke. Swaumu imaphunzitsa zomwezo mozama. Njala ya masana imafika, imakula, munthu amaiyang'ana osaimvera, ndipo dzuwa likalowa amapeza kuti sinamuphe.

Ramadhani ya chaka cha 2023 inayamba patangopita masiku pafupifupi khumi chidutsireni Freddy, anthu ambiri akadali m'misasa, m'makalasi a sukulu ndi m'matenti. Sindikunena kuti wosala kudya anamva njala yocheperapo kuposa mnzake. Njala ndi njala. Koma munthu amene wakhala akusala chaka ndi chaka amaidziwa nkhope yake, ndipo mantha a chinthu chodziwika saposa a chinthu chachilendo. N'chifukwa chake ndimadandaula ndikaona makolo, mwachikondi chenicheni, akutchinjiriza mwana ku kavuto kalikonse: asadzuke m'mamawa, asabwereze sura imene yamukanika, asayesere kusala ngakhale theka la tsiku. Mwana wotere tikumutumiza ku dziko la anamondwe ali ndi khungu la khanda.

Tisapitirire malire, komabe. Chisilamu sichikonda ululu chifukwa choti ndi ululu. Wodwala ndi wapaulendo amaloledwa kumasula n'kudzabweza masikuwo pambuyo pake. Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, anagwetsa misozi pamene mwana wake Ibrahim anamwalira, ndipo palibe anganene kuti anali wochepa kupirira. Amene amauza mayi wotaya ana kuti kulira n'kuchepa kwa imani, ameneyo akuwonjezera pa chipembedzo katundu amene mwini wake sanaikepo.

Pali kusokoneza kwina kumene ndikuona kuti n'koopsa kwambiri, ndiko kuyesa kupirira ngati kukhala pansi manja ali m'khosi. Taonani zimene zinachitika ku Madina m'chaka cha 5 chisamukireni ku Makka. Adani pafupifupi 10,000 anali m'njira, Asilamu ali pafupifupi 3,000, kunja kukuzizira, chakudya chili chochepa. Salman al-Farisi anapereka nzeru yochokera kwawo ku Persia, yakuti akumbe ngalande yaikulu kumbali imene mzindawo unali poyera. Mtumiki sanati nzeru yachilendoyo ikutsutsana ndi kuyedzamira mwa Allah. Anagwira nawo ntchito, nasenza dothi, mimba atamanga ndi mwala chifukwa cha njala. Kupirira kwawo kunali ndi matuza m'manja.

Apa ndi pamene funso limatipweteka ife a ku Phalombe. Munthu akabwerera kukamanga pa malo omwe madzi anadutsa mu 1991 n'kudutsanso mu 2023, nati zonse n'za Allah, kodi tinene kuti wapirira? Sindifulumira kumuweruza, pakuti nthawi zambiri alibe malo ena. Munda uli pomwepo, manda a makolo ali pomwepo, ndipo kusamuka kumafuna ndalama ndi chilolezo cha mafumu. Koma tivomereze kuti kawirikawiri kukhala pomwepo ndiko kopepuka, ndipo kupirira kovuta n'kusiya malo okondedwa, kukakhala mlendo kumtunda, n'kuyambanso. Chimodzimodzi amene amaleka kuotcha makala m'mphepete mwa phiri pamene thumba limodzi likanagula ufa wa sabata: akusenza njala ya lero kuti dothi ligwire mawa.

Ndipo munthu mmodzi sangasenze zimenezi yekha, monganso ngalande ya ku Madina sinakumbidwe ndi Salman yekha. Mwezi wa Okutobala, mvula isanagwe, komiti ya mzikiti uliwonse ingathe kukhala pansi ikatha Jumu'a n'kuwerenga: ndi nyumba ziti zili m'njira ya madzi, ndi nkhalamba ziti zosatha kuthamanga usiku, ndipo ndani mwa anyamata adzapite kukazibereka.