Musalipirenso nkongole imene inalipidwa kale

Uthenga wa sabata ino. Tsegulani Ahebri 10:1-18.



Ndili ndi funso limodzi kwa inu. Tchimo lija munalapa kale, n'chifukwa chiyani mukulilipirabe mpaka lero?

Pakamwa simunganene choncho, ndikudziwa. Pakamwa mumati Yesu anandikhululukira, ndipo nthawi ya matamando manja amakwera bwinobwino. Koma taonani mmene mtima ukuyendera. Mwana akadwala, maganizo amathamangira pomwepo: ndi chija ndinachita. Bizinesi ikagwa, ndi chija. Mukamasala kudya simukufunafuna nkhope ya Mulungu iyayi, mukusala ngati munthu wopereka kangachepe kuti mwini ndalama asabwere kudzanyamula mipando. Alipo ena pakati pathu amene atha zaka zitatu osayandikira Mgonero wa Ambuye. Tchimolo analisiya kalekale, koma mumtima akuti sindinamalize kulipira.

Tonse timadziwa kaloba. Mwakongola K500, mwezi ukatha akufuna K750. Yonse mulibe, ndiye mupereka ya pamwamba chabe, K250, kuti akusiyeni mupume. Mwezi wamawa chimodzimodzi. Chaka chikatha mwapereka K3,000, koma K500 ija ikadali chilili m'buku. Tsiku lililonse lopereka ndi tsiku lokukumbutsani kuti simunamasuke.

Manje tiyeni ku Levitiko 16. Kamodzi pa chaka, pa tsiku la 10 la mwezi wa 7, mkulu wa ansembe ankayamba wapha ng'ombe yamphongo chifukwa cha machimo ake ndi a banja lake, pakuti nayenso anali munthu wochimwa. Kenako ankabweretsa mbuzi ziwiri. Imodzi inkaphedwa, magazi ake n'kulowa nawo kuseri kwa nsalu yotchinga, kumene munthu wina aliyense sankaloledwa kuponda. Inayo ankaisanjika manja pamutu, n'kuulula pa iyo zolakwa zonse za mtundu wa Israele, kenako munthu wina n'kuitenga kukaitaya kuchipululu. Anthu ankaiona ikupita ndi machimo awo. Linali tsiku lalikulu, lolemera.

Koma chaka chamawa, mbuzi zina ziwiri. Chaka chinacho, zinanso. Ndipo kuwonjezera apo, tsiku lililonse mwana wa nkhosa m'mawa, wina madzulo (Eksodo 29:38-39).

Musandimve molakwa, Mulungu si wa kaloba. Nsembe zimenezi anaziika yekha mwa chifundo, kuti anthu ochimwa athe kukhala pafupi naye osafa, komanso kuti ziloze kutsogolo. Ndikufanizira chinthu chimodzi chokha: cholipira chimene chimabwerezedwa chaka ndi chaka chikudzichitira chokha umboni kuti sichinamalize ntchito. Mlembi wa Ahebri akunena zimenezi mosabisa pa ndime 3 ndi 4. Nsembe zija zinkakumbutsa anthu machimo awo, chifukwa magazi a nyama alibe mphamvu yochotsa tchimo la munthu.

Ndiyeno onani ndime 11 ndi 12. Muwerenge pang'onopang'ono. Ansembe akale akuwaonetsa ali chilili, tsiku ndi tsiku, nsembe zomwezomwezo. Yesu akumuonetsa atapereka nsembe imodzi, kenako atakhala pansi kudzanja lamanja la Atate. Mukawerenga katundu wa m'chihema m'buku la Eksodo mupeza likasa, tebulo la mikate, choikapo nyale, guwa lofukizira, ndipo panja guwa la nsembe ndi beseni losambira. Mpando wa wansembe simuupeza. Akanakhala liti, ntchito yosatha? Waganyu amakhala pansi pamthunzi akamaliza ndime yake, osati ali pakati pa mzere. Yesu anakhala pansi chifukwa ndime inatha. Aleluya!

M'chaka cha 70, Aroma anagwetsa kachisi wa ku Yerusalemu, ndipo utsi wa nsembe za nyama pa guwa lija unathera pomwepo. Papita zaka pafupifupi 2,000. Ngati chikhululukiro chikanadalira mbuzi, bwenzi tonse tili m'madzi.

Wina anena kuti, abusa, zimenezo ndamva, koma ndingadziwe bwanji kuti mawa sizisintha? Funsoli silachibwana. Ife tinakulira m'dziko limene zinthu zolembedwa ndi kudindidwa zimasintha tikuona. Pa 1 Januwale 2013 tinadzuka ndalama zathu zitachotsedwa maziro atatu. K50,000 inasanduka K50, ma ngwee anabwerera, ndipo patapita miyezi ndalama zakale zija wakantemba anayamba kuzikana. Mu 2025 Bank of Zambia inatulutsanso ndalama zatsopano, mpaka ya K500. Pepala limene dzulo linagula thumba la unga, lero ndi lokumbukira chabe.

Ngakhale kukhululukirana nkongole tinakuona ndi maso. Achikulire mukukumbuka kampeni ya Jubilee 2000, imene mipingo inaima nayo kwambiri, dzina lake lochokera ku chaka cha ufulu cha mu Levitiko 25. Mu Epulo 2005 Zambia inakwaniritsa zofunika za HIPC, ndipo mbali yaikulu ya nkongole yakunja, imene inali pafupifupi madola 7 biliyoni, inafafanizidwa. Anthu anathokoza Mulungu m'matchalitchi. Mu Novembala 2020, patangopita zaka 15, dziko lomweli linalephera kulipira chiwongoladzanja pa nkongole zatsopano. Sindikulowa ndale pano, imeneyo si ntchito ya uthengawu. Ndikungoti chikhululukiro cha anthu, ngakhale chikule bwanji, chimafufuta tsamba la dzulo basi. Tsamba la mawa limayamba kudzazanso. N'chifukwa chake mtima wathu umavutika kukhulupirira kuti kuli chikhululukiro chimene sichitha ntchito.

Koma zonsezi zaima pa mawu a anthu. Chikhululukiro chanu chaima pa mawu a Mulungu.

Yesaya 40:8 amaika zinthu ziwiri pambali ndi pambali, udzu ndi mawu a Mulungu. Udzu timaudziwa. Uja wa m'mbali mwa Great East Road umene mu Febuluwale umakhala wobiriwira mpaka m'chiuno, pofika Seputembala wauma, moto wadutsa, kwatsala phulusa. Mu 2024 tinaona ngakhale chimanga chimene tinathira feteleza wodula chikuuma chili chilili m'munda. Mneneri akuti munthu ndi zonse zake zili choncho, koma chimene Mulungu wanena sichifota.

Pali umboni wina umene ndimaukonda. Mu 1947, abusa a ziweto anapeza mipukutu yakale m'mapanga a ku Qumran, pafupi ndi Nyanja Yakufa. Umodzi mwa iyo unali buku lonse la Yesaya, lokopedwa ndi manja zaka zoposa 100 Yesu asanabadwe. Linali lakale ndi zaka pafupifupi 1,000 kuposa mipukutu yachihebri ya Yesaya imene akatswiri ankadalira nthawi imeneyo. Atayerekeza, anapeza kusiyana kwa kalembedwe ndi timawu apa ndi apo, koma uthenga ndi womwewo. Mutu 53 ulimo, wonena za mtumiki amene anavulazidwa chifukwa cha zolakwa za anthu ena. Mpukutuwo ulipo mpaka lero ku Yerusalemu. Unalembedwa mtanda usanaimikidwe, ndipo ukunena zimene Baibulo la mu foni yanu likunena.

Lonjezo limene Ahebri 10:17 akubwereza linachokera kwa Yeremiya (31:34), zaka pafupifupi 600 Khristu asanabwere, nthawi imene Yerusalemu anali kugwa m'manja mwa Ababulo chifukwa cha machimo a anthu ake. Pa nthawi yoipitsitsa imeneyo ndi pamene Mulungu analonjeza pangano latsopano, limene machimo sadzawakumbukiranso. Sanalonjeze anthu abwino. Analonjeza anthu amene anali atalephera kale.

Kusakumbukira kumeneku si kuiwala kwa ukalamba, ngati agogo oiwala pamene aika makiyi. Mulungu amadziwa zonse. Tanthauzo lake n'lakuti mlanduwo sadzautulutsanso kuti akuweruzeni nawo. Akolose 2:14 amafanizira ndi kalata ya nkongole imene inali kutitsutsa, imene Mulungu anaifafaniza n'kuikhomera pamtanda. Mdyerekezi akhoza kukuwerengerani zimene zinali m'kalatamo, ndipo amazidziwa pamtima, koma kalatayo ilibenso mphamvu pabwalo la milandu.

Manje tifike pa ndime 18, pamene pali mawu olimba. Pamene machimo akhululukidwa, palibenso nsembe ina yofunika chifukwa cha machimowo. Palibe.

Choncho mverani, m'bale wanga, mlongo wanga. Munthu aliyense, kaya avale suti yoyera, kaya ali ndi anthu masauzande omutsatira pa Facebook, akakuuzani kuti tumizani mbewu ya K200 pa nambala iyi kuti Mulungu afufute tchimo lanu, akukugulitsani chinthu chimene ndi chanu kale. Botolo la mafuta silingawonjezere kanthu pa magazi a Yesu. Madzi a m'botolo chimodzimodzi. Ife timakhulupirira mphamvu ya Mzimu Woyera, timapempherera odwala, timadzoza mafuta monga Yakobo 5:14 amaphunzitsira, ndipo sitichita nazo manyazi. Koma tsiku limene zinthu zimenezi zaikidwa mtengo, tachoka pa uthenga wabwino. Simoni wa ku Samariya anatulutsa ndalama kuti agule mphatso ya Mulungu, ndipo Petro sanamupatse lisiti, anamudzudzula koopsa (Machitidwe 8:18-23). Chimandipweteka n'chakuti amene amagwa mu msampha umenewu kawirikawiri ndi mayi wamasiye amene wagulitsa nkhuku yomaliza, kapena mwana wa sukulu amene wadula ndalama ya chakudya cha mwezi.

Kodi ndiye tileke kupereka? Iyayi. Perekani chakhumi, perekani chopereka, salani kudya. Koma muzichita ngati mwana amene akuthokoza atate ake, osati ngati wankongole amene akuzemba kugwidwa. Ndalama ikhoza kukhala yofanana, K20 yomweyo, koma mitima iwiri imeneyi ndi yotalikirana kwambiri.

Wina akumwetulira, ati basi, zonse zinalipidwa, ndichite zimene ndifuna. Dikirani. Werengani mutu womwewo mpaka ndime 26 ndi kupitirira, muone chenjezo kwa munthu wochimwa dala atadziwa choonadi. Nsembe ija inadula moyo wa Mwana wa Mulungu, si yopondaponda. Mukagwa, njira ndi ya pa 1 Yohane 1:9: kuulula. Litchuleni tchimolo ndi dzina lake pamaso pa Mulungu, osalipaka mafuta, ndipo mulisiye. Kuulula si kulipira. Ndi kubwera poyera kudzalandira chimene chinalipidwa.

Ndipo nkongole ya kwa mnansi wanu ikadalipo. Yesu analipira mlandu wanu kwa Mulungu, sanakulipirireni ndalama ya chilimba imene munadya n'kuzimitsa foni. Zakeyu atalandira Yesu m'nyumba mwake anayamba yekha kuwerengera amene anawabera, n'kulonjeza kubweza kanayi (Luka 19:8). Palibe anamukakamiza. Ngati dzina lanu lili m'buku la pakantemba kuyambira chaka chatha ndipo mumazungulira njira ina kuti musadutsepo, pitani mukalankhule nawo, ngakhale muyambe ndi K10.

Palinso buku lina, limene inu mumasunga. Pa Mateyu 18:23-35 wantchito anakhululukidwa matalente 10,000. Talente imodzi inali malipiro a zaka pafupifupi 20 za munthu wamba, ndiye werengani nokha. Atatuluka anakumana ndi mnzake amene anali naye nkongole ya madinari 100, n'kumugwira pakhosi. Tisanamizane, madinari 100 si ndalama yochepa, ndi ganyu ya masiku 100. Yesu sakunena kuti chimene anakuchitirani ndi chaching'ono. Achibale amene analanda katundu maliro asanathe n'komwe, mwamuna amene anakusiyani ndi ana, mnzanu amene anakuipitsirani dzina kuntchito, zonsezi n'zopweteka zedi. Akunena kuti muike buku lanulo pambali pa kalata ija inakhomedwa pamtanda, muone kukula kwake.

Apa ndiwonjezere mawu amodzi kwa amayi ndi atsikana athu. Kukhululuka sikutanthauza kubwerera kukamenyedwa, kapena kubisa munthu amene akuononga mwana. Nkhani yotere ifike kwa akulu a mpingo ndiponso ku Victim Support Unit ya apolisi. Mukhoza kumasula munthu mumtima mwanu, lamulo n'kugwirabe ntchito yake.

Sabata ino, pezani mphindi khumi pamalo a phee, foni mutaiika pansi. Tchimo lija limabwera usiku mukagona, litchuleni kwa Atate komaliza, ndipo m'malo mopempha chikhululukiro kachikwi, nenani zikomo chifukwa cha magazi a Yesu. Likabweranso mawa, tsegulani Ahebri 10:17 muwerenge mokweza, makutu anu amve. Ngati pali munthu woti mumuimbire, kaya kukapepesa kaya kukamumasula, imbani pa Sondo pasanafike.

Ndipo inu amene mwakhala mukutsalira pa benchi yakumbuyo nthawi ya Mgonero, ngati mukufuna wina woti apemphere nanu choyamba, akulu a mpingo amakhalapo mapemphero asanayambe. Fikani msanga, mukhale nawo pansi.