Mfundo zitatu tisanagule zipangizo zamakono

Kampani yaikulu ya mumzinda ndi mwini boti wa ku Makanjira amavutika ndi funso limodzi: pa zipangizo zatsopano zadzaza msikazi, titengepo ziti, ndipo tikazitenga tizisamala bwanji?

1. Tiyambe taganizira munthu amene tikumutumikira. Airtel Money itayamba mu 2012, TNM n'kubwera ndi Mpamba mu 2013, makampaniwa sanadikire kuti aliyense akhale ndi foni yapamwamba. Anasankha njira yotheka ngakhale pa kafoni ka mabatani, kopanda intaneti: kungodina manambala, basi. Anadziwanso kuti makina sapereka ndalama pamanja, choncho anadalira maejenti okhala m'timaokala ta pamsika. Lero mayi wopikula usipa padoko la ku Makanjira amalandira mpamba wake kuchokera ku Limbe osakwera matola kupita kubanki ku Mangochi boma, pamsewu umene tonse tikudziwa mmene umavutira dzinja likafika. Nanga ife tikamagula chipangizo, timakumbukira amene adzachigwiritse ntchito, kapena timangofuna kuti anzathu atione?

2. Walira mvula walira matope. Mwini chilimira akagula injini, alovi amasangalala, koma ndalama yeniyeni imayamba kutuluka mawa lake. Petulo, oilo, sipeya, ndiponso mmisiri amene mwina ali kutali. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, zonse zochokera kunja zinakwera, ndipo amene anangowerengera mtengo wogulira anagwira njakata. Nsanja ya netiweki nayonso imadya tsiku ndi tsiku: imafuna dizilo kapena sola, mabatire ndi mlonda. Asiginala ambiri, amene amakopa usipa ndi kuwala, anasiya nyali za parafini n'kutenga mababu a batire, ndipo sikunali kutsata fasho ayi. Anawerengera zimene parafini amawadyera usiku uliwonse panyanja. Ndi angati mwa ife amene timakhala pansi n'kuwerengera chomwecho tisanatulutse ndalama m'thumba?

3. Tisaumirire zimene zinatipindulitsa dzulo. Ndani sakumbukira Nokia? Inali m'thumba la msodzi ndi la mphunzitsi yemwe, batire lake losatha msanga. Koma akuluakulu ake anachedwa kusintha pamene mafoni a iPhone ndi Android ankalanda msika, mpaka mu 2014 bizinesi yawo ya mafoni inagulidwa ndi Microsoft.