Giyabokosi inafa kuti banja langa lipulumuke

Ndikufuna kuchitira umboni Mulungu amene amalanditsa munthu ku ngozi imene mwini wake sakuidziwa n'komwe.

Ndimakhala ku Salima ndipo ndimachita geni ya mpunga. Kagalimoto kanga n'kakang'ono, ka 2007, kamene tinaitanitsa ku Japan kudzera pa doko la Dar es Salaam n'kulowa pa Songwe. Fizi ya ana ndi chakudya cha pakhomo zimachokera m'kagalimoto kameneka.

Chaka chatha kanayamba kunjenjemera ponyamuka. Tsiku lina tikukwera zitunda za msewu wopita ku Lilongwe, injini inangolira mokweza koma galimoto osayenda, fungo la oyilo wopserera lili guu. Mpamba wanga wonse unali m'matumba a mpunga kumbuyoko. Ndinagwira chiwongolero misozi ili chuchuchu, n'kuuza Atate kuti pamenepa nzeru zanga zatha, achite okha.

Ku galaja amakaniko anatsitsa oyilo wakuda bii, tizitsulo tikunyezimira pansi pa beseni. "Mayi," anatero, "giyabokosi yanuyi ndi CVT. Imayendera lamba wachitsulo pakati pa mapule awiri, ndipo imafuna oyilo wakewake. Lamba ameneyu watha." Pofufuza ina yolingana nayo, analemba nambala ya chasisi pa tsamba la intaneti la kampani yopanga galimotoyo. Anakhala kaye chete, kenaka anandikodola. "Mayi, bwerani muone. Galimoto iyi inaitanidwa kalekale kuti ikakonzedwe, koma sinapite."

Vuto linali pa airbag, thumba lija limafufuma pa ngozi kuti munthu asamenyetse mutu. Kachitsulo kolifufumitsa kanali ndi ammonium nitrate, mankhwala amene amawonongeka akakhalitsa pamalo otentha ndi achinyontho. Akawonongeka, kachitsuloko kamatha kuphulika pa ngozi n'kumwaza zidutswa kumaso ndi pakhosi pa munthu. Anthu afa motero ku America ndi ku Malaysia, magalimoto mamiliyoni ambiri anaitanidwa padziko lonse, ndipo kampani imene inkapanga ma airbag amenewa inagwa mu 2017. Makalata ochenjeza amapita kwa eni galimoto olembedwa m'kaundula wa ku Japan. Ndani akanandilembera ine kuno kunyanja?

Abale, taganizani kutentha kwa ku Salima mwezi wa October. Airbag yoopsayo inali patsogolo pa mpando umene amakhalapo mwana wanga wachisamba tikamapita ku tchalitchi. Zaka zonsezi imfa inali pamaso pake, dzanja la Yehova litaitsekereza. Ndinagwada pomwepo, pa simenti ya mafutayo, n'kuyamika. Giyabokosi ija ikanapanda kufa, nambala ya chasisi sakanaiyang'ana munthu.

Mulungu sanalekere pomwepo. Amayi anzanga a kumpingo anandibwereka ndalama mopanda chiwongoladzanja, giyabokosi ina inapezeka, ndipo kachitsulo koopsa kaja kanachotsedwa n'kuikapo katsopano. Lero ngongole ndinabweza yonse, geni ikuyenda.

Inu amene mukulira chifukwa chinthu chanu chawonongeka, musafulumire kunena kuti Mulungu wakutayani. Ndipo inu amene muli ndi galimoto yakale yochokera kunja, tengani nambala ya chasisi sabata ino mukafufuze ngati inaitanidwapo. Pempherani, koma chenjezo likabwera mulimvere, pakuti nalonso ndi chisomo. Ulemu ndi ulemerero zipite kwa Yesu Khristu. Amen.