NDANI ADADYA FIZI YA MSUWENI WANGA?

Amalume anga adayamba Fomu 3 m'mwezi wa Seputembala chaka cha 2018, ali ndi zaka 38, ali ndi mkazi ndi ana anayi m'nyumba. Inenso ndidayamba Fomu 3 mwezi womwewo. Kusiyana kwake kudali kwakuti ine ndinkagonera pasukulu, pamene iwo ankapalasa njinga dzuŵa lili paliwombo kupita ku sukulu ija timati ya open, imene imayamba ana a m'maŵa akaŵeruka. Kwathu ndi kugombe, cham'mbali mwa msewu wochoka pa boma la Mangochi kupita ku Monkey Bay, ndipo kumeneko mwamuna sachoka panyanja pokhapokha atadwala, atapita ku Joni kapena atamwalira. Tsono nkhani ya amalume idatafunidwa pa thandala lililonse loyanikapo usipa.

Funso limene landisautsa kuyambira nthaŵi imeneyo ndi ili: kodi nkoyenera kuti munthu wamkulu, amene ena akuyang'ana m'manja mwake kuti adye, asiye ntchito imene amaidziŵa nkubwerera pa benchi? Ndikudziŵa kuti ambiri mwa inu pano pa Chirunga muyankha msanga kuti sukulu sakulira. Mawuwo ngokoma, ndipo pa wailesi amamveka bwino. Koma sukulu ya munthu wamkulu ili ndi mtengo wake, ndipo kaŵirikaŵiri wolipira mtengowo si amene akuphunzirayo. Kwathu adalipira ndi mwana wamkazi wa zaka 14, msuweni wanga.

Ndiyambe ndafotokoza za amalumewo, kuti mungaŵayese munthu wosaganiza. Adaloŵa sukulu mochedwa, nkumalowa nkumatuluka, mpaka pamene boma lidathetsa fizi ya ku pulayimale mu 1994. Adafika Fomu 2 nakhoza mayeso a JC, koma chaka chomwecho agogo aamuna adamwalira, ndipo mawu aja akuti mutu ukakula sulewa nkhonya adaŵagwera iwo. Adakhala mlovi pa boti la munthu wina, kukoka chilimira usiku wonse. Pambuyo pake adakwera nkukhala siginala, uja amakhala pa bwato laling'ono ndi nyali kuitana usipa. Mu 2012 adatsata anzawo ku Joni nakagwira ntchito m'sitolo ku Durban. Mu Epulo 2015, anthu a kumeneko ataukira alendo, adabwerera pa imodzi ya mabasi amene boma lidatumiza, ali ndi kachikwama kamodzi. Mwayi wake, ndalama ankatumiza kwa amayi anga, ndipo amayi sadadyepo ngakhale tambala. Ndi ndalamazo adagula boti, injini ndi chilimira. Atatero adasanduka bwana, munthu woti akafika padoko anyamata nkumuimirira. Zimenezi ndizo adagulitsa patangopita zaka zitatu.

Ataŵerengera ndalama zogulitsira zidazo, adapeza kuti sizingakwane onse. Padali fizi yanga ya kogonera, pakuti bambo anga adatisiya kalekale ndipo kwathu kuno mwana wa mlongo ndi katundu wa malume. Padali fizi yawo, mabuku ndi ndalama zolembetsera mayeso. Padali kaokala koti akazi awo azigulitsamo sopo ndi mchere kuti banja lisagone ndi njala. Ndiye padalinso mwana wawo woyamba, amene chaka chomwecho adasankhidwa kupita ku sukulu ya atsikana yogonera konko. Iyeyu ndiye adatsala kunja kwa masamu. Adamupezera malo pa sukulu yoyendera, ulendo wa maola aŵiri wapansi. M'mwezi wa Malichi 2020 sukulu zonse zidatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo pamene zinkatsekulidwanso kumapeto kwa chakacho, iye adali ndi pathupi. Atsikana ambiri m'boma la Mangochi zidaŵachitikira chimodzimodzi chaka chimenecho. Mudzi wonse udaweruza mlanduwo popanda bwalo: bambo adadya fizi ya mwana wake.

Ndisaname, inenso ndidaweruza chomwecho, ndipo zifukwa zake sizopepuka. Kuwongola mtengo mpoyamba. Kwacha imodzi yoikidwa pa mwana wa zaka 14 idzabala kwa zaka makumi anayi kapena asanu, pamene yoikidwa pa munthu wa zaka 38 idzabala kwa theka la nthaŵiyo, mwinanso osabala nkomwe, poti olemba ntchito ambiri amafuna anyamata. Ndiponso pali kusiyana kwina kozama kuposa masamu. Wamkulu adasankha yekha kukhala ndi ana. Mwana sadasankhe kubadwa. Ngati wina mwa aŵiriwo ayenera kudikira, adikire amene ali ndi ngongole kwa mnzake. Amayi anga adanena zomwezi mwa njira yawo usiku wina pakhonde: "Achimwene, nthaŵi yanu idapita ndi bambo athu. Musatenge ya mwanayu kuti mukwirire yanu."

Amalume adangoyankha kuti, "Chemwali, mwaiona nyanja?"

Nthaŵi imeneyo ndidayesa kuti akuzemba funso. Lero ndikuona kuti limenelo ndilo lidali yankho lawo lonse. Anthu akamanena kuti munthu asasiye ntchito imene amaidziŵa, amaganiza ngati kuti ntchitoyo idzakhalapo mpaka kalekale, ili phee kumudikira. Koma ife a kumwera kwa nyanja tidaona ndi maso ntchito ikuthaŵa anthu. Ku nyanja ya Malombe, m'zaka zoyambirira za m'ma 1980 asodzi ankapha chambo matani zikwi zingapo pachaka. Pofika m'ma 1990 chidatsala cha mazana ochepa chabe, ndipo anthu adatembenukira ku kambuzi. Makomiti a m'madoko adayambira komweko mu 1993 pofuna kupulumutsa zotsalazo, koma chambo cha makolo athu sichidabwerere. Kuno ku nyanja yaikulu maboti achuluka, maukonde a maso aang'ono achuluka, mafuta a injini akwera, ndipo kuti upeze usipa uyenera kupita kutali kumene mwera ukakupeza suona mtunda. Amalume adakwirirapo alovi anzawo. Mwezi wina boti linkabwera lodzaza, miyezi iŵiri yotsatira nkumangodya mafuta a ngongole. Akulu amati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, koma nanga ngati fodyayo akuuluka ndi mphepo ali pamphuno pomwepo? Kukhalabe panyanja nakonso kudali kutchova juga ndi tsogolo la ana omwewo, kungoti juga imeneyo mudzi udaizoloŵera, ndiye sunkaiona ngati juga.

Komabe sindifuna kuŵateteza ndi njala yokha, chifukwa kutero nkuŵanamizira. Amalume sadabwerere ku sukulu chifukwa cha usipa wokha. Ankaifuna sukuluyo. Ku Durban adaona mnyamata wamng'ono kwa iwo akulumikiza mawaya a magetsi m'sitolo muja, akuŵerenga pepala lojambulidwa mizere, ndipo iwo ntchito yawo idali kumugwirira makwerero. Adandiuza tsiku lina kuti chidaŵaŵaŵa si malipiro a mnyamatayo, koma kuti pepalalo likadakhala m'manja mwawo akadalimvetsa, kukadakhala kuti agogo adakhalako zaka zina ziŵiri. Apa mpamene funso limavutira. Kodi munthu akabereka, moyo wake watha, kotero kuti chotsala nkukhala mlatho woti ena awolokerepo? Chaka chatha m'kalasi la filosofi tidaŵerenga maganizo a Immanuel Kant akuti munthu asamatengedwe ngati chipangizo chabe chokwaniritsira zofuna za wina. Ndidakondwa poganiza kuti ndapeza mkhalapakati wa amalume: iwo si chilimira choti tizingokokera chakudya. Koma ndisanatuluke m'kalasimo ndidazindikira kuti mawu omwewo akuimiranso msuweni wanga. Mzungu wa ku Königsberg uja sadandiuze chochita pamene anthu oyenera ulemu ali atatu koma fizi ili ya aŵiri.

Chimene chimandidabwitsa ndi m'mene timasankhira akuluakulu oti tiŵayamike. Agogo aakazi akamapita ku sukulu ya kwacha kukaphunzira kulemba dzina lawo, aliyense amaomba m'manja, chifukwa nzaulere ndipo sizisuntha munthu pamalo pake: abwerako ali agogo omwewo. Komanso munthu akapambana kwambiri timaiŵala msinkhu umene adayambira. Dr Hastings Kamuzu Banda adagwirapo ntchito pa chipatala ku Hartley m'dziko la Southern Rhodesia ndiponso pa mgodi ku Joni, ndipo pamene ankaloŵa sukulu ya sekondale ku Wilberforce, Ohio, atafika ku America mu 1925, adali kale bambo wamkulu woyandikira zaka 30. Udokotala adaumaliza ku Meharry mu 1937, ndipo kuno adabwerako mu 1958. M'mabuku a mbiri timaŵerenga za kulimba mtima kwake. Za abale amene adatsala ku Kasungu zaka zoposa 40 osamuona sitifunsa. Amene timamuda ndi wapakatiyu, munthu wamba amene akufuna kusintha malo ake ndi ndalama zooneka, ndipo sitidziŵa ngati adzapambana. Ndiye kuti chimene timaweruza si cholinga chake, koma zotsatira zake, zimene iye sakadazidziŵa pa tsiku losankha.

Ndipo ngakhale zotsatirazo sitiziŵerenga moona. Mu 2020 sukulu zogonera nazonso zidatsekedwa. Msuweni wanga akadapita kumene adasankhidwa kuja, akadabwerabe kumudzi miyezi yomweyo, pagombe lomwelo, pakati pa anyamata omwewo obwera ndi ndalama za usipa m'maŵa. Mwina akadadzisunga poopa kutaya malo apamwamba, mwina ayi. Mudzi sufuna mawu akuti mwina. Ufuna munthu mmodzi womuloza chala.

Tsono ndifike pamene ndakhala ndikupazungulira. Tsiku lina tili patchuthi ndidamva akazi a amalume akuyankha mayi wina amene ankaŵanena amuna awo pachitsime. Sadakweze mawu. Adangoti, "Fizi ya abambo ake idali yochepa. Yambiri inkapita kwa mwana wa alamu." Ndidaima kuseri kwa mpanda ndi ndowa m'manja. Adanena zoona. Ndalama za sukulu ya open pa teremu sizinkafika ngakhale theka la zanga. Amalume akadakhala pakhomo osaphunzira, zotsalazo sizikadakwanabe kutumiza mwana wawo kogonera. Chimene chikadamutumiza ndi chakuti ine ndichoke kogonera nkumayendera. Masamu ameneŵa adali poyera kuyambira pachiyambi, koma padalibe ndi mmodzi yemwe adaŵatchula, ngakhale amayi anga, ngakhale ine. Chifukwa chiyani? Chifukwa ine ndidali mnyamata, wokhoza bwino m'kalasi, wamsinkhu umene anthu adagwirizana kuti ndiwo wa sukulu. Kudya kwanga kunkatchedwa tsogolo la banja. Kudya kwa amalume kunkatchedwa dyera. Mawu aja akuti sukulu nja ana adandibisa ine bwino lomwe, ndipo ndidabisala.

Sindikunena kuti amalume alibe mlandu. Adali mwini ndalama, ndipo ndiwo adalemba mayina aŵiri nkusiya lachitatu. Adasankha mwambo wa mbumba ndi njala ya mtima wawo, mwana wawo wamkazi nkukhala womalizira, monga amakhalira atsikana ambiri kwathu. Chimene ndikukana nchakuti mlanduwo udali kubwerera ku sukulu. Anzanga amene timadya nawo pano, aliyense atafufuza bwino adzapeza kuti kwawo kuli wina amene adatsala kunja kwa masamu kuti iye afike pa Zomba, ndipo sitidzitcha akuba. Achikulire amene timakhala nawo m'kalasi, aja adaloŵa atagwira kale ntchito zaka zambiri, timaŵaseka tikaŵaona akuthamangira mpando wakutsogolo. Koma iwo amadziŵa dzina la aliyense amene akuŵalipirira, pamene ife ambiri sitidafunsepo.

Mayeso a MSCE tidalemba chaka chimodzi. Adayamba kumapeto kwa 2020, nkuimitsidwa chifukwa mapepala adabedwa, ndipo tidalembanso mu Januwale 2021. Miyezi iŵiri yodikirayo tinkaŵerengera pamodzi pakhonde, nyali ya pa boti lakale ili pakati pathu. Masamu ndinkaŵaphunzitsa ndine. Za mphepo, nyengo ndi mapu ankandiphunzitsa ndiwo, poti zimene ine ndinkaloŵeza iwo adaziona usiku pamadzi. Adakhoza, ngakhale mapointi awo sadali oti nkuimbira nthungululu. Adakachita maphunziro a zamagetsi pa sukulu ina ya ntchito zamanja, ndipo lero amaika sola m'nyumba za anthu ndi kukonza nyali ndi mabatire a asodzi, pakuti ambiri adasiya nyali za parafini. Ndalama zimene amapeza pamwezi sizifika za usiku umodzi wabwino wa chilimira, koma zimabwera mwezi uliwonse, ndipo mwera ukamaomba akazi awo amagona tulo. Padoko anyamata sakuŵaimiriranso. Ena amaŵatchabe a Fomu 3.

Tchuthi chapitachi ndidakapeza msuweni wanga pathandala akutembenuza usipa wa munthu wina, mwana wake akuseŵera mumchenga. Tidacheza za mitengo ya nsomba, za amene wapita ku Joni ndi amene wabwerako. Nditatsanzika adandiitananso.

"Asuweni, makope anu a Fomu 3 aja mudakali nawo?"

Ndidati alipo m'katoni kwa amayi, koma a bambo ake ngolembedwa bwino kuposa anga.

"Amenewo ndatenga kale," adatero. "Akuti fizi ya teremu yoyamba alipira iwo. Yachiŵiri sindikudziŵa."

Sadandipemphe kanthu. Adabwerera ku usipa wake. Ine ndatsala ndi chaka chimodzi kuti ndimalize, ndili ndi ngongole ya boma ya maphunziro, ndipo ntchito sindikudziŵa ngati ndidzaipeza. Teremu yachiŵiri iyamba mu Januwale.