Diso limene limakupeza mu utsi

Mu December 1999, ozimitsa moto 6 anafera m'nyumba yaikulu yosungiramo katundu mumzinda wa Worcester ku America. Awiri anasocera mu utsi, ndipo anzao anai amene analowa kukawafuna sanatulukenso. Panja panali anthu ambiri, koma palibe anadziwa pamene iwo anali.

GPS siigwira bwino mkati mwa zipupa zocindikala. Ndiye cifukwa cake akatswiri anayamba kupanga tumakina toika pa nsapato, towerenga mapazi ndi kukhota kulikonse. Palinso kacipangizo kamene kamalira wozimitsa moto akakhala masekondi pafupifupi 30 osagwedezeka.

Koma diso silisankha coona. Kadontho kamene kamaonetsa ambulansi imene ili pafupi ndi mai wodwala ku Kanyama, kamaonetsanso abwana kuti dalaivala anaima pamsika mphindi 10. Sikanena kuti wacezera usiku wonse osadya.

Ine nditi, munthu wolowa m'moto cifukwa ca ife ayenera kupezeka. Koma auzidwe amene akumuona, ndi cifukwa cake. Akaweruka, disolo litsinzine. Tikayamba kumudula malipiro cifukwa ca kadontho, tsiku lina adzazimitsa kamakinako. Nanga utsi ukadzamuzinga, tidzamufuna kuti?