Kodi Wajambula Ndani, Ine Kapena Dzuŵa?

Pali njira ina yopangira zithunzi popanda kamera kapena burashi, imene azungu amaitcha cyanotype. Anaitulukira Sir John Herschel ku Mangalande m'chaka cha 1842, ndipo chaka chotsatiracho Anna Atkins anayamba kutulutsa buku la ndere za m'nyanja zojambulidwa mwa njira yomweyi. Kachitidwe kake nkosavuta. Umasakaniza mankhwala aŵiri, ferric ammonium citrate ndi potassium ferricyanide, nkupaka papepala m'chipinda chamdima pang'ono. Likauma umaikapo tsamba nkuliyanika padzuŵa. Ukatsuka ndi madzi, ponse pamene kuŵala kunafika pamasanduka buluu, pamene panagona tsamba pamatsala mbee.

Teremu ino ndakhala ndikuyesa zimenezi ndi masamba a chinangwa, nthenga za nkhanga ndi kachidutswa ka ukonde. Zithunzi zikutuluka zokongola ndithu, koma dzanja limandilemera ndikati ndilembe dzina langa m'munsi. Palibe mzere ndi umodzi womwe umene ndinaulemba ine. Ganyu anagwira ndi dzuŵa, ndipo mtambo ukangodutsa umasintha mtundu osandipempha.

Anzanga ena m'kalasi akuti uku nkubera, ati mmisiri weniweni ndi uja amasema lino ndi mpeni mpaka matuza m'manja. Apa sindivomerezana nawo. Mayi woumba mbiya naye salamula moto. Amaunjika nkhuni nadikira, ndipo maŵanga akuda amene moto wasiya sanawakonze iye, komabe palibe amene amati mbiyayo ndi ya moto. Thukuta likanakhala muyeso wa luso, bwenzi ophwanya miyala m'mbali mwa msewu atatiposa tonse.

Chondisautsa ine nchina. William Henry Fox Talbot anatcha buku lake la 1844 The Pencil of Nature, ngati kuti pamene chilengedwe chagwira pensulo bodza silingaloŵe. Woona amakhulupirira chithunzi chotere koposa chojambula pamanja, poyesa kuti munthu sanaikepo maganizo ake. Chonsecho m'munda muja ndine ndinathyola tsamba losalala, ndi kulambalala ambiri okwinyika ndi khate la chinangwa, amene mlimi amawaona tsiku ndi tsiku. Dzuŵa linanena zoona za tsamba limodzi. Za mundawo ndinanena ndine, mosankha.

Nchifukwa chake tsopano ndimalemba dzina langa m'munsimo, kuti wofuna kufunsa za masamba otsala aja adziŵe khomo logogoda.