Mwana Aliyense Apeze Malo M'buku

Pa Ntchito za Atumwi 8:26-39 pali nkhani ya mlendo wina, nduna yosunga chuma cha mfumukazi ya ku Etiopiya. Ankabwerera kwao kuchokera ku Yerusalemu, ali pa galeta, akuwerenga buku la mneneri Yesaya. Munthuyu anali wofulidwa, ndipo lamulo la pa Deuteronomo 23 silinkalola wotere kulowa mu msonkhano wa Chauta. Buku anali nalo, koma womuthandiza kumvetsa panalibe. Mzimu Woyera adatuma Filipo, yemwe adakwera galetayo, nakhala naye pafupi. Ulendowo usanathe, mlendoyo adabatizidwa. Mitu itatu yokha kutsogolo kwa pamene ankawerengapo, pa Yesaya 56, Mulungu amalonjeza anthu ngati iyeyo dzina losafafanizika. Buku lomwelo linali litamusungira malo.

Laibulale ya pasukulu ndi galeta la masiku ano. William Kamkwamba wa ku Kasungu adasiya sukulu chifukwa chosowa fizi pa nthawi ya njala ya 2001 mpaka 2002. M'kalaibulale kakang'ono ka ku Wimbe adapezamo buku la sayansi. Chingerezi chinkamuvuta, koma adatsata zithunzi mpaka adapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo. Khomo lija likadakhala lotseka, mphatso imene Mulungu adaika mwa mnyamatayo ikadafera m'mazira.

Nanga lero ndani watsala kunja? Mwana wosaona amafuna mabuku a Braille. Mwana wachialubino amafuna zilembo zikuluzikulu. Mtsikana amafuna kuwerenga za akazi anzake olimba mtima, monga Josephine Bakhita Woyera, amene adagulitsidwa ukapolo ku Sudan. M'kalasi imodzi ya m'tauni mumakhala Mtumbuka, Myao, Msena ndi Mlomwe. Aliyense amakondwa kupeza nthano za kwao pa shelefu, pambali pa Nthondo wa Samuel Ntara. Mnzake akawerenga nthano zomwezo, chipongwe chimachepa. Papa Francis, m'kalata yake ya 2024 yokhudza kuwerenga mabuku, adaphunzitsa kuti wowerenga amaphunzira kumvetsera mawu a munthu wina. Kukonda mnansi kumayambira pomwepo.

Si buku lililonse loyenera mwana, n'chifukwa chake Filipo ndi wofunikabe. Kholo likhale pansi ndi mwana, limufunse zimene wawerenga. Mphunzitsi asatsekere mabuku m'kabati poopa kuti ang'ambika. Buku long'ambika ndi manja a ana laposa lodyedwa ndi chiswe. Mphakati uliwonse ungathe kusonkhanitsa mabuku amene angokhala m'makatoni kunyumba, n'kukapereka kusukulu yapafupi, osaiwala ana olumala.

Nduna ija idapitiriza ulendo wake ikukondwa. Ambuye apatse parishi ino a Filipo ambiri, kuti mwana aliyense atuluke m'laibulale ali wokondwa chomwecho. Amen.